Funsani Alangizi: Kodi Ophunzira a ku Yunivesite Angathandize Ana Athu Otsalira M'kalasi?

Mwezi uno talandira makalata ambiri ochokera m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, ndipo ochuluka mwa iwo akufunsa ngati n'kotheka kuti mayunivesite ndi makoleji agwirizane ndi maofesi a zamaphunziro a m'maboma pofuna kuthandiza ana amene akutsalira m'kalasi. Tasankhapo makalata asanu ndi limodzi, ndipo ena tawafupikitsa chifukwa cha kuchepa kwa malo.

FUNSO: Alangizi, ine ndine wapampando wa komiti ya sukulu ina ya pulayimale m'dera la Mfumu Yaikulu Kaphuka. Ndinamva pa wailesi kuti m'mayiko ena mayunivesite amatumiza ophunzira awo kukathandiza ana amene sakuchita bwino m'kalasi, mogwirizana ndi akuluakulu a zamaphunziro. Kodi zimenezi zikusiyana bwanji ndi part-time imene makolofe timalipira kale? Nanga zingatheke kuno kwathu kumene yunivesite timangoimva dzina? Wapampando wa komiti, Dedza.

YANKHO: Zikomo bambo wapampando. Zimene munamvazo n'zoona, ndipo m'mayiko ena zinayamba kalekale. Ku Israel kuli ndondomeko yotchedwa Perach, imene inayamba mu 1974 pa Weizmann Institute, momwe wophunzira wa ku yunivesite amapatsidwa mwana wa m'banja losauka kuti azikumana naye kawiri pa sabata, maola awiri ulendo uliwonse, ndipo iyeyo amachotseredwa gawo la fizi yake. Ku America, kuyambira mu 1997, boma linayamba kulipira ophunzira a m'makoleji amene amapita m'sukulu za pulayimale kukathandiza ana kuwerenga, pansi pa ndondomeko ya America Reads. Mumzinda wa Chicago, akuluakulu a sukulu za boma analola kuti achinyamata amene angomaliza kumene digiri aziphunzitsa masamu ana awiri okha nthawi imodzi, tsiku lililonse la sukulu, pamene akatswiri a University of Chicago ankayeza ngati anawo akusinthadi, ndipo zinapezeka kuti ngakhale ana a ku sekondale, amene anthu ankaganiza kuti nthawi yowathandiza inapita kale, anayamba kukhoza masamu.

Kusiyana kwake ndi part-time n'kwakukulu. Pa part-time amalowa ndi mwana amene kholo lake lili ndi kangachepe, ndipo kawirikawiri anawo amadzaza chipinda monga momwe anadzazira m'mawa, mphunzitsi n'kumabwereza manotsi omwe aja kapena mapepala a mayeso a zaka zapitazo. Mwana amene sanamve m'mawa samvanso madzulo, chifukwa chimene chinamulepheretsa kumva sichinakhudzidwe n'komwe. Pa mgwirizano umene mukufunsawu, mwana amasankhidwa chifukwa chakuti watsalira, kholo sililipira, ndipo womuthandiza amakhala ndi ana ochepa kwambiri, awiri, atatu kapena anayi, kotero kuti amatha kuona pamene pensulo ya mwana aliyense yaima.

Mu 2020 akatswiri atatu, Andre Nickow, Philip Oreopoulos ndi Vincent Quan, anasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku 96 okhudza kuphunzitsa ana mwapadera chotere. Anapeza kuti njirayi imakweza ana kwambiri, koma phindu lake limakula pamene wophunzitsayo ndi mphunzitsi kapena munthu amene anasulidwa bwino pa ntchitoyi, pamene maphunzirowo akuchitika nthawi ya sukulu osati ana ataweruka, ndiponso pamene akuchitika masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata. Anthu ongodzipereka popanda kusulidwa anathandizako ndithu, koma pang'ono. Inu a ku Dedza mukudziwa kuti kabichi wa kudimba amafuna ndowa imodzi m'mawa uliwonse, osati mgolo wonse kamodzi pa mwezi, ndipo mutu wa mwana wa Sitandade 3 sunasiyane nazo.

Tsono za kuno kwathu. N'zoona kuti ku Dedza ndi ku Ntcheu kulibe yunivesite ya boma. LUANAR ili ku Bunda, yunivesite ya Nkhoma ya mpingo wa CCAP ili m'boma la Lilongwe ngakhale kuti si patali ndi malire a Dedza, pamene University of Malawi ndi koleji ya Domasi zili ku Zomba. Koma musaiwale kuti ku Bembeke kuli koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's, ndipo ku Chongoni kuli koleji ya za nkhalango ndi nyama zakutchire. Kuwonjezera apo, maphunziro a uphunzitsi wa ku pulayimale, otchedwa IPTE, ndi a zaka ziwiri, ndipo gawo lina la zaka ziwirizo wophunzira amakhala pa sukulu akuphunzitsa moyang'aniridwa ndi mphunzitsi wodziwa ntchito. Choncho njira yolumikiza koleji, ofesi ya zamaphunziro ndi sukulu ya kumudzi inalambulidwa kale. Chotsala n'kugwirizana kuti wophunzira wotere, kuwonjezera pa kuima kutsogolo kwa kalasi yonse, azikhala ndi kagulu kakekake ka ana otsalira kamene azikumana nako masiku odziwika mpaka teremu kutha. Ine ndikanakhala inu ndikanayambira pamenepo, podzera kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a zoni yanu, m'malo modikira yunivesite ya kutali imene ngakhale thiransipoti yobweretsera ophunzira ake sabata iliyonse singapezeke.

FUNSO: Ndine wophunzira wa chaka chachitatu pa yunivesite ina ya boma, ndipo kwathu ndi ku Ntcheu, mbali ya ku Bwanje. Pa tchuthi chapitachi ine ndi anzanga tinapita pa CDSS ina kukapempha kuti tiziphunzitsa a Fomu 4 masamu ndi fizikisi mwaulere, koma ahedi anatiuza kuti sangatilole popanda kalata. Zinatiwawa chifukwa ifenso tinadutsa m'sukulu zoterezi ndipo timadziwa mavuto ake. Kodi tinalakwitsa pati? Wophunzira wa ku yunivesite, Ntcheu.

YANKHO: Achimwene, mtima wanu ndi wabwino, koma ahediwo sanalakwitse. Mwana akalowa pa sukulu amakhala m'manja mwa mphunzitsi wamkulu, ndipo china chake chikachitika, kaya mwana wachitidwa chipongwe kapena waphunzitsidwa zosemphana ndi silabasi, wofunsidwa ndi iyeyo, inu mutabwerera kale ku koleji. Kalata imene anaifunayo ndi imene imasonyeza kuti pali bungwe limene likukudziwani ndipo lingayankhepo pa khalidwe lanu.

Mudziwe kaye makomo oyenera kugogoda. Sukulu za pulayimale zili pansi pa khonsolo ya boma, kutsatira ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya mu 1998, ndipo zimayendetsedwa ndi ofesi ya zamaphunziro imene ambirife timaitchulabe kuti ofesi ya DEM, yomwe imagwira ntchito kudzera mwa a PEA m'mazoni. Sukulu za sekondale, kuphatikizapo ma CDSS, zakhala zikuyang'aniridwa ndi ofesi ya chigawo, ndipo Dedza ndi Ntcheu, pamodzi ndi Lilongwe ndi Mchinji, zili pansi pa Central West Education Division. Popeza inu mukufuna CDSS, kalata yanu iyambire ku yunivesite kwanu, kwa mkulu woona za ophunzira kapena mkulu wa nthambi ya za uphunzitsi, ipite ku ofesi ya chigawo, ndipo ofesi ya zamaphunziro ya pa boma idziwitsidwe. Zimatenga nthawi, n'chifukwa chake muyenera kuyamba kulemba teremu isanathe, osati mutafika kale kumudzi ndi chikwama.

Akuluakuluwo akavomera, pemphani kuti zimene mwagwirizana zilembedwe ndi kusainidwa, ngakhale atakhala masamba awiri okha. Papepalapo paoneke mayina a ophunzitsa, maphunziro amene adzaphunzitse, masiku ndi maola ake, chipinda chimene adzagwiritse ntchito, ndiponso dzina la mphunzitsi wa pa sukulupo amene adzayang'anire zonse. Palembedwenso za mmene ana adzasankhidwire, chifukwa mukapanda kutero mudzapeza kuti amene adzaza mabenchi ndi ana ochenjera kale aja, pamene amene munawadzerawo ali kumsika. Mfundo imene anthu ambiri amaiiwala ndi ya zochita wophunzitsa akajomba kapena akasiyira panjira. Makalendala a mayunivesite athu sagwirizana ndi materemu atatu a sukulu, ndipo nthawi zina amasintha mwadzidzidzi, kotero kuti ana angazolowere munthu amene mawa lake waitanidwa kukalemba mayeso. Gulu lanu likhale ndi kaundula wosonyeza pamene mwana aliyense wafika, kuti wolowa m'malo asayambirenso pachiyambi.

Ndikupempheninso kuti muganizirenso za Fomu 4. Ndikudziwa kuti m'pamene pali ulemu, chifukwa aliyense amayang'ana zotsatira za MSCE, koma wophunzira wa Fomu 4 amene sadziwa kuwonkhetsa mafulakishoni sangapulumutsidwe ndi masabata atatu a tchuthi, ngakhale mutamulembera njira zonse pa bolodi. Ma CDSS ambiri anachokera ku sukulu zophunzitsa anthu ali kwawo zija za MCDE chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mpaka lero ambiri a kumudzi akusowa aphunzitsi a masamu ndi sayansi, mabuku ndi labotale. Mwana amafika mu Fomu 1 ali ndi mipata imene anachoka nayo ku pulayimale, ndipo mipatayo imakula chaka chilichonse. Mukatenga a Fomu 1, n'kuwagwira dzanja pa mafulakishoni, madesimo, manambala a negetivi ndi chiyambi cha aljebura, mudzakhala mutawakonzera mayeso a JCE, amene anabwereranso mu 2021, ndi a MSCE omwe. A Fomu 4 mungathe kuwapatsa tsiku limodzi lowafotokozera za kasankhidwe ka maphunziro a ku yunivesite ndi kalembedwe ka mafomu, zimene inu mukuzidziwa bwino kuposa wina aliyense m'mudzimo.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa Sitandade 4 ndipo m'kalasi mwanga muli ana oposa 100. Ndikuopa kuti achinyamata a ku kolejiwa akabwera, makolo ayamba kutiona ife ngati olephera, ndipo mwina boma lipezerapo mwayi wosalemba ntchito aphunzitsi ena. Komanso munthu amene sanaphunzire uphunzitsi angaphunzitse chiyani chimene ine sindinaphunzitse? Mphunzitsi, Mayani.

YANKHO: Aphunzitsi, nkhawa yanu yachiwiri ija ndi yomveka, ndipo ndikugwirizana nanu kuti mgwirizano uliwonse unene poyera kuti wothandizayo salowa m'malo mwa mphunzitsi ndipo sapatsidwa kalasi. Boma linadziikira lokha mulingo wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, ndipo kubwera kwa ophunzira a ku koleji sikufafaniza ngongole imeneyo. Koma pa nkhani ya kulephera, vuto silinayambe ndi inu. Maphunziro a ku pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo zipinda ndi aphunzitsi zakhala zikuthamangira m'mbuyo mwa ana. Mphunzitsi amene ali ndi ana 100 ndi mphindi 35 sangafike pa kope la mwana aliyense, ngakhale atakhala katswiri wotani.

Chimene wothandizayo angachite, chomwe inu mulibe nthawi yochitira, n'kupeza pamene mwana aliyense anaimira. Tengani chitsanzo ichi. Mwana wapatsidwa samu yakuti 52 kuchotsapo 17, ndipo walemba 45. Pochonga makope 100 inu mudzangoika mtanda n'kupita pa kope lina, koma munthu amene wakhala pambali pa mwanayo adzamuona akuchotsa 2 mu 7 n'kupeza 5, kenako 1 mu 5 n'kupeza 4, ndipo adzazindikira kuti mwanayu si waulesi ndiponso si wogona, koma sanamvetse kuchotsera kobwereka. Ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, akamasula mtolo umodzi pamaso pa mwanayo kuti 2 uja akhale 12, vutolo likhoza kutha m'masiku ochepa, ndipo 35 adzatuluka yekha. Likapanda kugwidwa, mwana yemweyo adzalephera kugawa kwa njira yaitali mu Sitandade 5, pomwenso maphunziro amayamba kuchitika m'Chingerezi, ndipo aliyense adzanena kuti masamu si ake.

Pa kuwerenga n'chimodzimodzi. Wothandizayo amakhala ndi khadi limene lili ndi malembo, maphatikizo monga ba, be, bi, bo, bu, mawu, kandime kakafupi ndi kankhani, ndipo mwana aliyense amawerenga payekha kwa mphindi zochepa. Amene waima pa malembo amaikidwa ndi anzake a pa malembo, amene akuwerenga mawu koma akukakamira pa chiganizo amaikidwa pagulu lina, posayang'ana kalasi imene ali. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la Pratham ku India, ndipo anzathu a ku Zambia anayamba kuiyesa mu 2016 pansi pa dzina lakuti Catch Up, kwa ana a Giredi 3 mpaka 5. Sifuna digiri, koma imafuna kusulidwa kwa masiku angapo ndi kuyenderedwa pafupipafupi, ndipo apa m'pamene koleji kapena yunivesite iyenera kuonetsa ntchito yake, pophunzitsa ophunzira ake asanatuluke ndi kutumiza mphunzitsi wawo kudzaona mmene akuchitira.

Osula ena ndinu nomwe. Mabuku a ndondomeko ya kuwerenga ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016 m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, mumawadziwa ndinu, ndipo wothandizayo ayenera kutsata katchulidwe ka malembo ndi dongosolo la m'mabuku omwewo kuti mwana asamve ziwiri zosiyana tsiku limodzi. Ndinu amene muyenera kusankha ana, kupereka ntchito ya sabata imeneyo, ndi kulandira lipoti Lachisanu. Makolo akaona kuti mnyamata wa ku kolejiyo amayamba wafika kwa inu asanatenge ana, adzadziwa mwini kalasi.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 7. Ndamva kuti pa sukulu pawo akufuna kuitana anyamata a ku koleji kuti aziwaphunzitsa akaweruka. Ine mtima wanga suli m'malo, chifukwa tinaonapo atsikana akupatsidwa mimba ndi anthu obwera ndi dzina lothandiza. Kodi ndimukanize? Mayi wa ana anayi, Lizulu.

YANKHO: Mayi, musamukanize msanga, koma musavomerenso musanafunse mafunso. Mantha anu ali ndi maziko, ndipo sukulu imene ingakuyankheni kuti mukuganiza zoipa ndiye kuti sinakonzeke. Malamulo a dziko lino ali kumbali yanu. Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limapereka udindo kwa aliyense amene mwana ali m'manja mwake. Wophunzira wa ku koleji saloledwa chimene mphunzitsi saloledwa, ngakhale atakhala wamkulu kwa mwana wanuyo ndi zaka zochepa chabe.

Pitani kwa ahedi, kapena kwa amayi a Mother Group ngati mukuona kuti n'kosavuta kuyambira kumeneko, mukafunse kuti maphunzirowo azichitikira kuti. Yankho loyenera n'lakuti pa sukulu pomwepo, m'chipinda chotsekula chitseko kapena pansi pa mtengo poonekera, mphunzitsi wa pa sukulupo alipo. Asachitikire kunyumba kumene mnyamatayo akugona, ndipo mwana asakhale yekha ndi womuphunzitsa. Funsaninso nthawi yoweruka, chifukwa mtsikana amene achoka pa sukulu dzuwa litapendeka, m'miyezi yozizira ya June ndi July pamene kumada msanga, ali pa chiopsezo panjira ngakhale wophunzitsayo atakhala wolungama. Ichi n'chifukwa china chimene ine ndimakondera kuti maphunziro otere azichitika nthawi ya sukulu. Wophunzitsayo asapereke mphatso kapena ndalama kwa mwana mmodzi payekha, ndipo ngati pali za pa foni, nambala ikhale yanu osati ya mwana.

Pemphani kuti m'gulu la obwerawo mukhale atsikana. Mwana wanu akamaona mtsikana wa ku koleji, amene anakulira m'mudzi ngati wakewo, akumasulira samu pa bolodi, amaphunzira zoposa samuyo. Ndipo muuzeni mwana wanu, mawu ake osazungulira, kuti wina akayamba kumuuza zachibwana kapena kumugwira mosayenera akuuzeni tsiku lomwelo, ndipo simudzamukalipira. Nkhani yotere siyenera kuthera pa kupepesana kwa ahedi ndi koleji. Imapita ku polisi, ku nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Ngati mgwirizano wa sukuluyo sunalembe zimenezi, uzani komiti kuti iwonjezere ntchito isanayambe.

FUNSO: Ndimakhala nawo mu komiti ya chitukuko ya dera lathu. Tonse tikuvomereza kuti maganizowa ndi abwino, koma funso limene latigawanitsa ndi la ndalama. Ena akuti makolo azisonkha, ena akuti ophunzirawo angodzipereka poti ndi ana athu omwe. Inu mukuti bwanji? Membala wa ADC, Linthipe.

YANKHO: Bambo, mbali zonse ziwirizo ndikuzikayikira. Makolo akayamba kusonkha, ntchitoyi yasanduka part-time ija, ndipo mwana woyamba kusiya ndi wa m'banja limene mu January ndi February limadya kamodzi pa tsiku, yemwenso ndi amene amafunikira thandizoli kwambiri. Kudzipereka kwaulere nako kumayamba ndi moto, koma wophunzira amene akulipira yekha kabaza kupita ndi kubwera, pamene iye mwini akuvutika ndi fizi ndi lendi, sangapitirire masabata ochepa, ndipo simungamuimbe mlandu.

Zofunika ndalama si zambiri: thiransipoti, chakudya chamasana, makope, choko ndi mapepala, komanso kangachepe ka mphunzitsi amene akuyang'anira. Njira yochepetsera mtengo ndiyo kugwiritsa ntchito ophunzira amene ali kale pafupi, monga a uphunzitsi amene atumizidwa pa sukulu zanu, m'malo monyamula anthu kuchokera ku Lilongwe. Malipiro ena sakhala a ndalama. Koleji ikavomera kuti maola amene wophunzira wathera ndi ana aziwerengedwa ngati gawo la maphunziro ake, ndipo ofesi ya zamaphunziro ikamamupatsa kalata yochitira umboni ntchitoyo, wophunzirayo sajomba chisawawa. Maganizo anga, amene ndikanakonda aphungu athu atawatenga, ndi akuti bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite, la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, lizichotserako ngongole wophunzira amene wathandiza ana kwa chaka chathunthu, monga momwe a Perach aja amachotsera fizi.

Chenjerani ndi ntchito yodalira ndalama za pulojekiti zokha. Ngakhale ku England, ndondomeko yaikulu yophunzitsa ana mwapadera imene boma linayambitsa mu 2020 chifukwa cha Covid-19 inatha mu 2024 ndalama zake zitasiya kuperekedwa. Yambani ndi sukulu ziwiri kapena zitatu za zoni imodzi, ana ayesedwe poyamba ndi pomaliza pa teremu, ndipo mukapite ku khonsolo ndi zotsatira zolembedwa kuti ntchitoyi ilowe mu dongosolo la chitukuko la boma lanu.

FUNSO: Kwathu kuno ndi kutali ndi msewu wa M1, ndipo nyengo ya mvula ngakhale njinga yamoto imavutika kufika. Kodi ophunzira a ku yunivesite sangathandize ana athu pa foni? Kholo, Tsangano.

YANKHO: Angathe, ndipo zinayesedwapo. Mu 2020, chaka chimene sukulu zathu zinatsekedwa pa 23 March chifukwa cha Covid-19, bungwe la Young 1ove ku Botswana linkatumiza masamu ochepa pa uthenga wa pa foni sabata iliyonse, kenako wophunzitsa n'kuimbira foni kholo ndi mwana kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti awerengere limodzi. Ana amene ankalandira uthenga pamodzi ndi kuimbiridwa anapita patsogolo pa masamu, pamene uthenga wokha sunasinthe zambiri. Ku Italy chaka chomwecho, ophunzira a m'mayunivesite anadzipereka kuphunzitsa ana pa intaneti maola atatu pa sabata, ndipo anawo anakwera m'maphunziro. Kwa inu njira ya ku Botswana ndiyo yoyenera, chifukwa imatheka pa foni ya mabatani ndipo sifuna bandulo ya intaneti.

Pali zinthu zingapo zoti mukonze. Woimba akhale wophunzitsayo, mayunitsi atuluke m'thumba la mgwirizano osati mwanu. Tsiku ndi ola zikhale zodziwika kuti foni ikhale ndi moto ndiponso ikhale pakhomo, osati ili m'thumba la bambo ku msika wa mbatatesi. Foniyo iikidwe pa sipika kuti inu muzimva zonse, mwana ali ndi kope ndi pensulo m'manja. Kumbali yanu ya kumalire netiweki nthawi zina imathawira ku Mozambique, choncho yesani kaye malo amene imagwira bwino musanagwirizane nthawi. Ndipo mayina ndi manambala a makolo aperekedwe ndi ahedi ku koleji kudzera mwa a PEA, makolo atavomera, kuti mudziwe amene akuimba ndi kumene mungakadandaule akasiya kuimba.